Dzanja lamanzere limene sindinalandire

Mayi Nachisale, lero ku Chiosya ndimaphunzitsa amayi asanu amene adzipereka kutsogolera magulu a atsikana. Titafika pa moni wathu wa dzanja lamanzere, mmodzi waseka n'kunena kuti, "Kwathu ukatero amati sunaleredwe." Ine kakasi, ndakumbuka inu. Ndinu munandiphunzitsa moni umenewu ku Kachebere, ine wolekeza Sitandade 7, woopa ngakhale kugwira choko. Munati lamanzere lili pafupi ndi mtima, n'chifukwa chake timapatsana tokhatokha.

Chaka chatha tinakumana pamsika wa paboma, ine ndili ndi apongozi anga. Munali mutaonda kwambiri, koma sikafu yathu ili m'khosi. Munatambasula lamanzere mukumwetulira. Poopa kuti apongozi andiyesa wamwano, ndinangowomba m'manja mwaulemu ngati ndikulonjera mlendo. Munabweza dzanja pang'onopang'ono n'kuti, "Zikomo, mayi." Simunanditchule Esinati monga kale. Mumtima ndinati ndidzabwera kudzapepesa tikatha kukumba mtedza. Mtedza tinakumbadi, koma kwanu ndinafika tsiku la maliro. Lero amayi asanu aja ndawagwira chanza mmodzimmodzi ndi lamanzere, mosafulumira. Lanu lokha ndi limene ndinalisiya m'malere, ndipo sindidzaligwiranso.