Lachitatu la Ba Inambao

Ba Inambao amagulitsa ziboliboli pamsika wa pafupi ndi mathithi, ndipo makasitomala akasowa amawerenga chilichonse chimene alendo aiwala m'mahotela. Ndinawadziwa nditangobwera kuchokera ku Leeds, masiku amene ndinkadandaula kuti m'tauni muno mulibe wocheza naye zanzeru. Sanatsutse. Anangondilowetsa m'gulu lawo la pa WhatsApp, mmene muli aphunzitsi, oyendetsa matakisi ndi namwino wina wa ku Linda amene sagonja pa mtsutso.

Gululo lili ndi mwambo wake. Lachitatu lililonse, aliyense amaikira kumbuyo maganizo amene sagwirizana nawo. Ba Inambao, munthu amene amapezera chakudya kwa alendo omwewo, anapatsidwa mutu woti alendo aletsedwe kuona mathithi. Analemba mokoma kwambiri: alendo akweza lendi, aphunzitsa anyani kuba, asandutsa amuna akuluakulu kukhala ovina pageti.

Vuto linali lakuti dzulo lake Ba Inambao anali atalowetsa m'gulumo Misheck, mtolankhani wa pa intaneti wochokera ku Lusaka, poganiza kuti dziko lidziwe kuti kunonso anthu amaganiza. Misheck anakhalamo masiku awiri. Nkhani yake inatuluka ndi mutu wakuti "Gulu Lachinsinsi Lifuna Kuthamangitsa Alendo", pansi pake chithunzi cha Ba Inambao atagwira kasemasema.

Ba Inambao anamuimbira foni ine ndili pomwepo.

"Ba Misheck, simunaone kuti inali Wednesday?"

"Mudala, mau aja ni yanu olo si yanu?"

"Ni yanga, koma..."

"Manje vuto ili kuti?"

Ba Perpetua, wapampando wa komiti ya msika, za Lachitatu sanafune kumva. "Imwe ba professor, tizadya mabuku? Mupepese pagulu, olo tebulo tipasa wina."

Gulu lathu linalemba kalata yotsutsa ya masamba anayi, mawu a Chilatini ndinaikamo ndine. Inawerengedwa ndi ife tomwe.

Wokhala ndi kamera komanso owerenga anali Misheck yekha. Choncho Ba Inambao anavala jekete, nakaima patsogolo pake n'kupepesa chifukwa cha maganizo amene sanakhalepo nawo. "Mubwereze, koma nkhope ioneke yachisoni," anatero Misheck. Anabwereza katatu. Mutu watsopano unali wakuti "Mtsogoleri Walapa".

Tebulo analisunga. Masiku ano alendo ena amaima patali n'kumawajambula, kenako amakagula kwa mnzawo wa pambali.