Anandizulitsa Chitsa Chifukwa cha Funso

Ndikukumbukira masana ena a mu Okutobala, ndili Fomu 2 pasukulu ina yoyendera kuseri kwa Nsaru. Malata ankathetheka ndi dzuwa, m'kalasi mukumveka fungo la thukuta ndi la mtedza wokazinga umene tinkabisa m'matumba. Aphunzitsi athu a sayansi, a Chadzunda, anabwera ndi baluni yofiira atailemba timadontho ndi bolopeni. Anati timadonthoto ndi milalang'amba ya nyenyezi. Atayamba kuuzira, timadontho tija tinayamba kutalikirana, ndipo anatiuza kuti chilengedwe chonse chikufutukuka choncho mpaka lero.

Ine ndinaona chinthu china. Akaima kuti akoke mpweya, baluniyo inkanjenjemera n'kubwerera pang'ono isanakulenso. Ndinakweza mkono.

"Kodi sala, nacho chilengedwe chimanjenjemera choncho? Nanga kunjenjemerako kumachifulumizitsa kukula kapena kumachichedwetsa?"

Wina kumbuyo anaseka. A Chadzunda anali ndi mphumu, ndiye anayesa ndikunyoza kapumidwe kawo. Potsegula pakamwa kuti andikalipire, baluni inawapulumuka n'kuuluka ikulira mochititsa manyazi, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko.

Anandipatsa chitsa cha bulugama kuseri kwa zimbudzi kuti ndizule. Masiku atatu athunthu ndinalimbana nacho, khasu likudumpha pa nthaka youma, matuza akuphulika m'manja, anzanga akulemba mayeso m'kalasi. Kunyumba ndinkayembekeza kuti bambo, amene anali mkulu wa mpingo, andiimira. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati mwana wamkazi waulemu sayesa nzeru za aphunzitsi ake. Anandituma kukapepesa. Ndinapepesa nditagwada, mano nditakukuta, ndipo sindinakwezenso mkono mpaka ndinamaliza Fomu 4. Pamenepo ndiye pamandiwawabe kuposa matuza aja.

Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga anandionetsa pa foni kuti akatswiri a zakuthambo amafufuzadi nkhani zoterezi, ndipo zambiri sanagwirizanebe. Eti funso langa linali funso lenileni.

Ana a masiku ano amafunsa foni, ndipo foni sikwiya. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 6 ku Kabudula. Mwana akandifunsa zondipitirira mutu ndimamuuza kuti sindikudziwa, tifufuze. Ndimawanena mawu amenewa pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mpaka pano sanandichotse dzino ngakhale limodzi.