Hafu Dei ya ba Esinati

Ndinatuluka m'nyumba mwanga ku Matero Loweruka lina kusanache bwino, nditanyamula ambulera ndi uthenga wa anthu ena. Zinali zaka zija mafakitale ankatsekedwa limodzilimodzi, mitengo ya zinthu ikukwera tikugona. Ine ndinkasoka mayunifomu pa fakitale ina, ndiponso ndinali woimira amayi m'komiti ya bungwe lathu la antchito.

Nkhani yake inali iyi. Mabwana anabweretsa chimene ankachitcha hafu dei: amayi a ana aang'ono ndi antchito okalamba, amene akufuna, azilowa masana n'kumalandira theka la malipiro. Bungwe linakana kwamtuwagalu. Tcheyamani wathu, ba Mwanza, anati mabwana sanatimvere chisoni ayi, akungoyesa kuona ngati ntchito ingayende popanda ife. Tonse tinakweza manja, ine m'gulu lomwelo. Kenaka kunamveka kuti ba Esinati, mayi wachikulire wosoka makolala wa ku komboni ya Mtendere, amene anali atachenjezedwa komaliza chifukwa chochedwa kuntchito, akufuna kukavomera Lolemba.

"Umodzi akavomela, tonse tagwa," anatero ba Mwanza. "Yendani ku Mtendere mukakambe nao. Ndimwe azimai, muzamvana."

Anandituma choncho, ngati kuti umayi ndi chilankhulo chapadera.

Minibasi yoyamba ndinaikwera pa msika wa Matero. Kondakita anatithithikiza mpaka munthu kupuma mobwereka, uku akukuwa, "Fendelani ba mami, iyi si sofa yanu!" Mtengo wopita m'tauni unali utakweranso sabata yomweyo kufika faifi handiredi kwacha. Anthu anadandaula njira yonse, ena kulumbira kuti ayamba kuyenda pansi, koma pamapeto pake tonse tinalipira.

M'tauni ndinadutsa pakati pa ogulitsa salaula, zovala zakale zija zochokera kunja, popita kokakwera basi ina. Munthu wosoka sadutsa shati osaitembenuza kolala. Ndinatembenuza imodzi, msoko wake unali wowongoka bwino, ndipo zinandipweteka mtima. Zovala zimenezi ndi zimene zinkatidyera ntchito. Komatu bulauzi imene ndinavala tsikulo ndinaigula pomwepo, ndiye ndinangogula vitumbuwa vya m'pepala n'kupitirira mwakachetechete.

Basi ya ku Mtendere inachedwa kudzaza. Pambali panga panakhala bambo wina wa imvi, atafungatira thumba la zitsulo zowotcherera. Anandifunsa kumene ndimagwira ntchito, ndipo poti ndine wosasunga mawu m'kamwa, ndinamufotokozera zonse. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Ise tinayamba so chabe," iye anatero. "Anati madala mupumuleko, muzibwela masiku atatu pa wiki. Tinaomba na m'manja. Pamene kampani inatsekedwa, ndalama zathu zopumila anapendela pa malipilo ya masiku atatu yamene yaja. Zaka zonse zija, mwana wanga, ninachoka monga wa pisiweki, waganyu chabe. Mukawauze amai abo, osavomela."

Anatsika pa Kalingalinga, pamene m'mbali mwa msewu munali mutandandalika mageti, mabedi ndi mbaula zodikira wogula. Amuna ambiri amene ankagogoda zitsulo pamenepo anali atavalabe maovolosi a makampani amene anafa kale. Ndinawayang'ana pawindo n'kulimba mtima. Ndinadziwa kuti uthenga umene ndanyamula si wabodza.

Ku Mtendere ndinafika cha m'ma eiti awazi m'mawa. Chitseko cha ba Esinati chinali chomanga ndi waya. Mayi woyandikana nawo, amene ankatsuka mbale panja, anandilozera ndi supuni. "Ali ku kiliniki na mwana wao. M'mawa mulimonse ni kwamene kuja."

Ndinatsata kanjira ka matope, ndipo ndinakumana nawo akubwerera. Ba Esinati ankakankha wilibala. M'wilibalamo, pa khushoni ya mpando, munali mwana wawo Maliya, mayi wamkulu ndithu wa ana ake, atafundira chitenje, ataonda mpaka maso okha. Kuntchito tinkangomva kuti kwa ba Esinati kuli matenda. Palibe anafunsa kuti matendawo amayenda bwanji m'mawa.

Ba Esinati anatula wilibala, n'kupukuta thukuta ndi duku. Anandifotokozera kuti Maliya ali ndi chifuwa chachikulu, mwamuna wake anamwalira, ndipo mapiritsi ake amayenera kumwera pamaso pa nesi m'mawa uliwonse kwa miyezi ingapo osadumphitsa. Kiliniki inkatsegula belu la ku fakitale litalira kale. Kuchedwa konse kuja kunali kumeneku.

Ndinawalanda zogwirira za wilibalayo. Wilibala inali ya munthu wogulitsa makala, tayala lake lopinda, ndipo inkafuna kulowera kwake osati kwanga. Nditagunda mwala kachiwiri, Maliya anatembenuka. "Anti, laisensi munagula kuti?" Tinaseka tonse, mpaka kuseka kwake kunasanduka chifuwa, tinaima kudikira kuti chithe.

Titamugoneka m'nyumba, tinakhala pakhomo. Ba Esinati ananditungira munkoyo, chakumwa chonga thobwa, ine ndinatulutsa vitumbuwa vija. Ndinalingalira zongobwerera osanena kanthu. Koma mayiyu anali atatsala pang'ono kupuma pantchito, ndipo kumubisira kuti hafu dei ikhoza kumudula pakati zonse zimene anavutikira kukanakhala nkhanza inanso. Ndiye ndinanena zonse, za ba Mwanza ndi za bambo wa m'basi uja.

Anamvetsera osandidula. Kenaka anati, "Ba Mwanza si opusa. Nenze nao pa sitalaka ija tinagona pa geti. Ine sininayendepo kumbali kwa anzanga." Anayang'ana chitseko cha chipinda. "Nenze kuganiza chabe ati nigwileko hafu dei mpaka mankhwala yasile. Manje ngati bungwe yakana, yakana. Mukawauze asade nkhawa."

"Nanga Maliya azamupeleka ndani?" ndinafunsa.

"Tizaona. Mulungu aliko."

Ndinalonjeza kuti nkhani yawo ndikaitula m'komiti, podziwa kuti komiti imakumana kumapeto kwa mwezi pomwe iwo ankayenera kuyankha Lolemba. Ndinali nditabwera kudzakangana, mawu nditakonza kuyambira ku Matero, koma munthu anangondipatsa chimene ndinkafuna ndi manja awiri. Sindinamvepo chisoni chotero nditapambana.

Pobwerera mvula inatipeza pa Kalingalinga, owotcherera aja akuthamangitsa mabedi awo pansi pa mapepala apulasitiki. Ndinafika ku Matero masana, n'kudzera kwa ba Mwanza. Nditawauza kuti ba Esinati sakavomera, anandigwira chanza mwamphamvu. "Mwasebenza, amai." Za wilibala anamvetsera ndithu, anapukusa mutu, nati tidzaziona pa msonkhano.

Mpaka lero sindinena kuti bungwe linalakwa kuopa. Pa fakitale yoyandikana nafe, amene anavomera hafu dei ndi amene anayamba kuchotsedwa, ndipo anachoka ndi zochepa. Chimene ndinaphunzira pa ulendowu n'chakuti mabwana anatifunsa funso la inde kapena ayi, ife n'kuthamangira kuyankha lomwelo. Palibe mwa ife anaganiza zomenyera kuti munthu ngati ba Esinati azilowa mochedwerako, n'kumaweruka mochedwa, malipiro ake osakhudzidwa. Tinkadziwa bwino mtima wa mabwana, koma m'mawa wa anzathu sitinkaudziwa.

Lolembalo ndinapeza ba Esinati ali kale pa makina, belu lisanalire. Tsiku lotsatira chimodzimodzi, sabata yotsatira chimodzimodzi, mpaka kapitawo anayamba kuwatchula ngati chitsanzo. Ine ndinakondwa, poganiza kuti apeza wowathandiza. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi ndinawapeza akusokabe, ndipo ndinawafunsa kuti Maliya akumuperekeza ndani ku kiliniki.

Sanachotse phazi pa makina.

"Kulibe," anatero. "Anakamba ati nisataye nchito chifukwa cha iye. Analeka kumwa mankhwala."