Sipanala ya Nambala 10

Mwana wotsiriza wa amakanika a galimoto anabadwa pa 9 Malichi 1994, ndipo pa 2 Seputembala 2013 analowa yunivesite kukaphunzira za ndege. Abale anayamba kumutcha Payiloti. Anawauza mpaka kukhosi kuuma kuti ena adzaulutsa ndege, ena adzazilondolera ali pansanja, koma iye adzakhala wokonza mainjini. Dzinalo linamukakamirabe.

Pa 14 Juni 2021, tsiku lake loyamba kusainira yekha kuti ndege ili bwino, abwana anamulola kuonetsa bambo ake galaja ya ndege. Bambowo anaima pabolodi la zida, pomwe sipanala iliyonse ili ndi chithunzi chake cha penti.

"Mwananga, mumajambula masipanala ngati ana a sukulu?"

"N'kuti ikasowa tione msanga, ababa. Itha kutsalira mu injini."

Bambowo anatola ya nambala 10, n'kuiyamikira kulemera kwake. Akucheza choncho, dzanja lozolowera zaka makumi anayi linaiponya m'thumba la jekete. Anatsanzika.

Ndege inali yonyamuka 2 koloko masana. Payiloti poyang'ana pabolodi, anapeza kuti pa nambala 10 pangotsala chithunzi chokha. Kusaina sipanala isanapezeke kukanamulanditsa chiphaso. Kukana kunali kuimitsa anthu makumi asanu ndi awiri.

"Achemwali, sainani," anatero mkulu wa maulendo. "Kachitsulo komweko?"

"Komweko."

Anatsegulanso injini zonse ziwiri, nakwawa pansi ndi tochi mpaka mawondo kuda. Kenaka anaima, n'kuimbira mayi ake.

"Amayi, ababa afika? Tapisani m'jekete mwawo."

"Muli mabawuti atatu, switi, makiyi anga omwe ndakhala ndikufuna chiyambire Lachiwiri... ndi sipanala. Inu bambo a kuno, mwayamba kubera ndege?"

Bambowo anabwerera panjinga yamoto, atanyamula sipanalayo ndi manja awiri ngati dzira.

"Pepa, mwananga. Koma mukanagula ziwiri. Ya 10 imasowa m'galaja iliyonse."

Payiloti anasaina nthawi ili 4:20, ndege n'kunyamuka, ndipo iye anakalowa muofesi akuyembekezera kukalipiridwa. Abwana anangomufunsa kuti ndani anamuuza kuti asasaine.

"Palibe, bwana."

"Ndiye mawa ndege ya m'mawa ndi yanu. Bambo anu azibwerabe, koma jekete azisiya pageti."