Khofi Amene Doña Nereida Analola Kuti Agwe

Doña Nereida Quiñones ndi amene amayang'anira munda wa khofi wa koleji yathu ya ulimi, kuno kumapiri a Puerto Rico. Ndagwira nawo ntchito zaka zambiri, ine pa thalakitala ndi pa makina oumitsira khofi, iwo pa china chilichonse chotsala. Ndi mayi wamfupi, woyenda mofulumira, ndipo akaitana munthu ali pageti, wa kumapeto kwa munda amatembenuka. Amuna awo anamwalira kalekale. Ana awo awiri ali mumzinda wa Orlando ku America, ndipo Lamlungu lililonse amaimba foni kuwanyengerera kuti asamukire komweko akapume. Iwo amangowafunsa ngati ku Orlando kuli phiri, akamva kuti kulibe nkhani imathera pomwepo.

Manja a munda wathu ndi ophunzira. Boma limathandiza ana a anthu osauka kuti aphunzire, ndipo gawo lina la thandizolo amachita kuligwirira ntchito. Ena amapita ku laibulale, ena mu ofesi, olimba misana amabwera kwa ife. Koma ndalama ya boma siyenda yokha, imabwera itabereka malamulo. Wophunzira sagwira ntchito pa nthawi imene ayenera kukhala m'kalasi. Sapitirira maola amene anapatsidwa. Sagwiranso yaulere, ngakhale atakupempha chogwada. Ndipo akayamba kulephera mayeso, thandizo lonse limaduka, ntchito ndi fizi yomwe.

Oyang'anira ena amatsinzina diso limodzi. Ndikuwadziwa, koma sindiwatchula. Doña Nereida satsinzina. Nthawi ya kalasi ikamayandikira amayenda m'mizere ya khofi akuomba m'manja ndi kutulutsa ana ngati nkhuku zimene zalowa m'dimba. Ophunzira anawapatsa dzina loti Belu. Iwo akulidziwa dzinalo, ndipo ndikuganiza kuti amalikonda. Komatu ndi mayi yemweyo amene amabwera ndi poto wa mpunga ndi nandolo, n'kumanama kuti waphika wambiri mwangozi, chifukwa amadziwa amene wabwera osadya.

Namondwe wamkulu atadutsa kuno zaka zapitazo, m'munda mwathu simunatsale mtengo woti n'kuuloza. Doña Nereida anayambira pa nazale, mbande imodziimodzi, akuikumbira dzenje ndi manja awo. Khofi sathamanga. Umamudikira zaka asanakupatse kanthu kooneka. Chaka chimene ndikunenachi ndi chimene mitengo ija inabereka mokwanira koyamba, nthambi mpaka kuwerama. Ndinawapezapo mayiwa ataima pakati pa munda akumwetulira okha, ndipo atandiona anandikalipira kuti ndaimika thalakitala pamalo olakwika.

Chaka chomwecho tinali ndi mtsikana dzina lake Yarelis Montalvo, mwana wa anthu othyola khofi a kuseri kwa phiri. Ine khofi ndamuona akuthyoledwa moyo wanga wonse, koma manja ngati a mwana ameneyu sindinawaonepo. Ankathyola ndi manja onse awiri akucheza, osayang'ana, koma m'dengu mwake simunkalowa nthanga yaiwisi. Vuto lake linali phunziro la sayansi ya nthaka. Ankaliopa, ndipo ukaopa chinthu umapeza zifukwa zochizembera. Anali atajomba kale kangapo, ofesi ya thandizo inali itamupatsa chenjezo lomaliza, ndipo mphunzitsi anali atanena poyera kuti akajombanso ku labu kamodzi kokha, walephera. Kulephera kumeneko kunali kubwerera kwawo, chifukwa bambo ake sakanatha kumulipirira ngakhale teremu imodzi.

Lachiwiri lina mu Okutobala wailesi inalengeza mvula yamphamvu ya masiku angapo, yoyamba masana. Khofi yense anali atapsa, psuu. Amene anakulira kuno amadziwa kuti mvula yotere ikapeza khofi wakupsa mumtengo, amasweka n'kuyoyokera pansi. Aganyu othyola sapezeka masiku ano, achinyamata onse anakwera ndege kupita kunja. M'mawa umenewo m'munda tinalimo awiri, ine ndi Doña Nereida, madengu m'chiuno. Ophunzira athu onse anali ndi makalasi mpaka masana.

Tili mkati mothyola tinamva masamba akugwedezeka mumzere wachitatu. Anali Yarelis, dengu lili kale pakati.

"Iwe Yarelis," anatero Doña Nereida, "lero ndi lachingati?"

"Lachiwiri, Doña Nere."

"Ndiye dengulo ukupita nalo ku labu?"

"Tayang'anani kumwambaku, mayi. Inu ndi a Efraín mumaliza liti? A Efraín akathyola nthanga imodzi amayamba aipatsa moni."

Ndinaseka ngakhale amanena ine, chifukwa sananame.

"Vula dengulo."

"Musandilembere maola. Ndithyola ulere. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine. Yaulere ndi yoletsedwa, ya nthawi ya kalasi ndi yoletsedwa, iwe ukufuna undichimwitse ziwiri nthawi imodzi. Vula."

Apa ine ndinalowererapo, chifukwa mtima unkandiwawa. "Doña, m'siyeni mwanayu, ndi lero lokha. Amene analemba malamulowo khofi amangomuonera m'kapu."

"Efraín, ndikafuna nzeru za thalakitala ndikufunsa."

Yarelis sanasiye kuthyola. Manja ankagwira ntchito, misozi ili m'maso. "Inu simukumvetsa," anatero. "Kwathu munthu sasiya khofi wakupsa mvula ikubwera. Bambo anga akamva kuti ndinamusiya mumtengo n'kukakhala pampando, sadzandiyang'ananso kumaso."

Doña Nereida anatula dengu lawo pansi n'kupita pamene panali mtsikanayo. Sanakweze mawu, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti zafika pena.

"Ukuti sindikumvetsa? Mwanawe, ine ndinalowapo m'makalasi omwewo iwe usanabadwe. Chaka changa chachiwiri, mwezi ngati uno, bambo anatuma uthenga kuti khofi wapsa ndipo alibe manja. Ndinati ndipite sabata imodzi yokha. Khofi tinamupulumutsa yense, bambo anandinyadira mpaka tsiku la imfa yawo. Koma sabata imeneyo sinathebe mpaka lero. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankha limodzi, ndipo poti uli m'munda mwanga, ndakusankhira kale."

Zimenezi ine sindinkazidziwa, pa zaka zonse zimene tinagwira limodzi. Mayiwa anamasula okha chingwe cha dengu m'chiuno mwa mtsikanayo, n'kundiponyera makiyi a galimoto ya kumunda.

"Kamutule pakhomo penipeni pa labu. Usachoke mpaka chitseko chitatsekedwa iye ali mkati."

"Ndiye mutsala nokha?"

"Ndinayamba ndekha."

Ndinamutenga Yarelis pa galimoto mpaka ku labu. Potsika anamenyetsa chitseko cha galimoto mwakuti galasi linatsika lokha. Ndinadikira mpaka analowa, monga ndinauzidwira.

Mvula sinadikire masana. Inayamba ndikungofika kumunda, madontho akuluakulu, kenako chimvula choti mnzako ali apo osamuona. Tinathyola chomwecho, madzi akutsikira m'nsapato, mpaka zala zinachita dzanzi. Masana ophunzira anabwera akuthamanga, Yarelis patsogolo, ndipo poti tsopano inali nthawi yawo yovomerezeka, Doña Nereida anawagawira madengu. Koma phiri linali litayamba kuterera, mnyamata wina anagwa chagada, ndipo mayiwo anawatulutsa onse. Mvula inagwa mpaka Lachisanu. Itakata, pansi pa mitengo panali pofiira, khofi wosweka akununkha ngati mowa wosasa. Amene tinapulumutsa sanafike theka.

Zinawapweteka Doña Nereida, ndisakunamizeni. Ndinawaona atakhala pa chidebe m'nyumba ya makina, manja ali pamaondo, osachita kanthu, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Akuluakulu a koleji anawaitana kuti afotokoze chifukwa chake zokolola zinachepa chotero. Anapita atavala nsapato zawo zamatope, n'kuwauza kuti mvula inagwa ndipo ana anali m'kalasi, kumene koleji imati azikhala. Atatero anabwerera kumunda.

Ine mpaka lero ndikadutsa mumzere wachitatu ndimawerengera mumtima khofi amene manja aja akanapulumutsa m'mawa umodzi wokha, ndipo ndimapsa mtima. Koma sindinganene kuti mayiwa analakwa. Ndawaona ana ambiri a kumapiri kuno akupita kwawo kukathandiza sabata imodzi. Ndimakumana nawo pamsika, atabereka ana, amandifunsa ngati munda ukadalipo.

Yarelis anapempha kuti amusinthe, akagwire maola ake ku laibulale. Doña Nereida anavomera osafunsa chifukwa, ngakhale ankataya manja abwino kuposa onse amene anakhalapo nawo. Mu Disembala zotsatira zinatuluka. Sayansi ya nthaka anakhoza, mokwawa ndithu, koma anakhoza, ndipo thandizo lake silinaduke.

Teremu yotsatira itayamba, tsiku lina m'mawa ndinamuona akudutsa pageti la munda, mabuku ali pachifuwa. Anandipatsa moni ine, koma ataona Doña Nereida akutuluka mu nazale anayang'ana kumbali n'kuwonjezera liwiro. Zinandinyansa. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ana a masiku ano mwambi umenewu amaumva atakula.

"Mwamuona mwana wanu uja?" ndinatero. "Mpaka pano akadali chikwiyire. Ngakhale moni."

Doña Nereida anali atanyamula thireyi ya mbande. Anaima n'kumuyang'ana mtsikanayo akukwera njira ya kumtunda.

"Akupita kuti?"

"Ku kalasi."

"Ndiye akwiye," anatero. "Bola azikwiyira m'kalasi."

Anandipatsa thireyi ija kuti ndikakweze pa ngolo, iwo n'kubwerera kukatenga ina.