Funso limene anawafunsa adada

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinasankhidwa kupita ku sekondale. Kwathu ku Wovwe mpunga wothirira unali utayamba kucha, ndipo tinkaswera m'minda kukuwiza mbalame mpaka mawu kusasa. Ndinkayembekezera nthungululu, koma azakhali anga, mlongo wawo wa adada, anabwera nkhope ili gwa.

"Mwanayu asapite," anauza amama. "Mabuku ndiwo anasokoneza mutu wa achimwene. Mukufuna amisala awiri pakhomo limodzi?"

Adada anali pomwepo, akusoka thumba la mpunga, ndipo sanadzutse mutu. Anthu anali atazolowera kukamba za iwo ngati palibe. Kale anali mphunzitsi, koma nthawi ya atsamunda anawatengera ku chipatala cha amisala kumwera, ndipo chibwerereni palibe anawapatsanso choko. Ngakhale anyamata a chipani, poyenda kukakamiza anthu kugula makadi a chipanicho, ankawalambalala akuti, "Asiyeni awa, mutu suyenda bwino." Inenso ndinakula ndikukhulupirira zomwezo, ngakhale sindinawaonepo akuchita chachilendo kupatula kukhala chete.

Nkhaniyi inakoka, ndipo amama anayamba kugonja. M'mawa wina adada anangonyamula sutikesi yanga paphewa n'kunena kuti, "Tiye." Tinayenda wapansi mpaka pa Uliwa. Basi inachedwa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, fumbi likuyabwa m'maso, ndipo adada anayamba kuyankhula osandiyang'ana.

Anati tsiku lina akupalasa njinga anakumana ndi mzungu wa boma, amene anawalamula kuti atsike ndi kuvula chipewa. Iwo anayankha m'Chingelezi kuti msewu ndi wa tonse. Mzunguyo atakweza dzanja kuti awamenye, adada analigwira.

"Sindinamumenye, mwana wane. Ndinangoligwira."

Ananditchulira zonse mopanda mkwiyo, ngati akunena za munthu wina. Chifukwa cha dzanjalo anawamanga n'kuwatengera ku chipatala chija, kumene dokotala wachizungu sanawapime n'komwe. Anangowafunsa ngati amadziona kuti ndi ofanana ndi mzungu, iwo n'kuyankha kuti inde. Kenako dokotalayo anauza mnzake, adada akumva, kuti ubongo wa munthu wakuda ndi wa mwana, ukausenzetsa maphunziro umasweka.

"Nanga anakutulutsani bwanji, adada?"

"Chaka ndi chaka ankandifunsa funso lomwelo. Nditatopa ndinayankha kuti ayi. Anati ndachira."

Basi itafika anakweza sutikesi pamwamba, n'kunditsanzika m'Chitumbuka kuti ndiyende makola, ndiye kuti bwino. Sanakambenso nkhaniyi mpaka imfa yawo.

Ndinaphunzira unamwino, ndipo ndagwira ntchito m'zipatala mpaka imvi. Matenda a maganizo alipodi. Odwala ake ndawaona, ndawasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Koma akabwera ndi wina atamumanga manja, ndimayamba ndafunsa kuti wamubweretsa ndani, ndipo womangidwayo wanena chiyani chimene sichinawakomere.

Chimene chimanditopetsa lero n'chakuti azungu aja anapita ine ndili wamng'ono, koma mawu a dokotala wawo anatsala m'kamwa mwathu. Azakhali ankawakonda adada, ankandikondanso ine. Pondiletsa sukulu ankaganiza kuti akunditeteza, osadziwa kuti akubwereza zimene munthu wina ananena kuti achimwene awo agonje. Pa maliro a adada ndinafuna kuimirira kuti ndiwafotokozere anthu zonsezi. Mkulu wa mpingo anali atanena kale kuti malemuwa anavutika ndi mutu zaka zambiri, ndipo aliyense anavomera. Ndinangokhalabe pansi.