Zimene Ndinawerenga za Liwombo

Bambo anga anabwera ku Livingstone kuchokera ku Nyasaland ali mnyamata, nalowa ntchito ya njanji, ndipo ine ndinabadwira m'komboni ya Malota. Nthawi ya atsamunda laibulale ya m'tauni tinkangoionera panja. Titalandira ufulu zitseko zinatsegukira aliyense, koma ine padapita zaka zambiri ndisanapondemo. Sukulu ndinalekera panjira, choncho ndinkaona ngati mmenemo ndi mwa aphunzitsi ndi akalaliki a ku boma.

Chimene chinandilowetsa ndi makina osokera. Nditakwatiwa ndinkasoka madiresi ndi mayunifomu pakhonde. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene zovala za m'sitolo zinkasowa ngati mmene ankasowera shuga ndi sopo. Mayi wina wogwira ntchito ku hotela ya ku mathithi a Mosi-oa-Tunya anafuna diresi la kolala imene sindinkadziwa kadulidwe kake, ndiye anandiuza kuti ku laibulale kuli mabuku a zosoka okhala ndi zithunzi.

Woyang'anira mabuku anali mayi wa Chilozi, wamtali, wolankhula chapansipansi. Anandiona nditaima pakhomo, nsapato zili m'manja chifukwa pansi panali popukuta bwino.

"Valani nsapato, ba mayi, muno si m'chalichi," anatero. "Mufuna buku ya chani? Ni ya kusoka? Bwerani kuno."

Anandilembera khadi, nandipatsa buku loti ndipite nalo kunyumba milungu iwiri. Kuyambira pamenepo ndinkapitako kawirikawiri.

Pafupi ndi khomo panali bolodi, ndipo Lolemba lililonse mayiyu ankakhomapo pepala lolemba pamanja m'Chingerezi. Pamwamba ankalembapo mabuku atatu kapena anayi amene ankaona kuti ndi abwino kuwerenga sabata imeneyo. M'munsi ankaikamo malangizo a pakhomo amene ankawatola m'mabuku ndi m'magazini akale. Inki ikatayikira pamalaya, nyikani mu mkaka. Nyemba zithireni phulusa kuti zisafumbwe. Tizidutswa ta sopo musataye, tisonkhanitseni m'chitini n'kutisungunula. Botolo la shuga liikeni m'mbale ya madzi kuti nyerere zisafikepo. Anthu ankaima pamenepo n'kumatsutsana, ena akukopera kuseri kwa makhadi awo. Ine ndinkayamba kuwerenga za m'munsizo, za mabuku pambuyo.

Ndisananene zimene ndinawerenga tsiku lina, ndiyambe ndanena za mwana wanga woyamba.

Anali wamkazi. Ali ndi miyezi isanu ndi itatu, m'mwezi wa Okutobala pamene Livingstone amatentha ngati ng'anjo, anayamba kutsegula m'mimba. Amayi anga ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pa yathu, ndipo anabwera msanga. Iwo analera ana asanu ndi awiri, ine ndinali ndisanalerepo. Anandiuza kuti ndisamupatse madzi, chifukwa madziwo ndi amene akuwonjezera kutsegulako. Anatinso ndileke kumuyamwitsa, bere lawonongeka. Ndinamvera.

Tsiku lachiwiri liwombo la mwana linalowa pansi, pamutu pakuchita kadzenje. Amayi anaitana anzawo awiri a ku tchalitchi, anayang'ana pamutupo, kenako anayang'anizana. Anati ndi tsempho. Kwathu amati mwana wakhanda amasemphedwa bambo ake akayenda ndi mkazi wina. Amuna anga ankagwira ntchito m'sitima, ndipo masiku ena ankagona kumtunda kwa njanji. Sabata imeneyo anali komweko. Amayi ndi anzawo aja anamata mankhwala akuda paliwombo, nati tidikire. Tsiku lachitatu ndinamubereka kupita kuchipatala. Pomasula nsalu imene ndinamuberekera, anali atapita kale.

Amuna anga anakana. Analumbira pamaso pa amayi, pamaso pa ankhoswe, ngakhale pamaso pa abusa. Ine sindinawakhulupirire. Ndinkawaphikira, ndinkawachapira, patapita zaka ziwiri tinaberekanso mwana wamwamuna, koma sindinkadya nawo mbale imodzi kapena kuseka nawo. Akanyamula chikwama chopita nacho ku sitima, ndinkawauza kuti, "Mukumbukire kuti muno muli khanda." Iwo ankangotuluka.

Tsiku limene ndikunenali linali Lolemba cha m'ma teni m'mawa. Ndinapita kukabweza buku la zosoka, mnyamata wanga wa chaka chimodzi ali kumbuyo. Ndinaima pabolodi monga mwa masiku onse. M'munsi mwa pepalalo munali nkhani imodzi yokha, yolembedwa m'zilembo zazikulu. Inkati mwana akatsegula m'mimba, chimene chimamupha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Musaleke kumuyamwitsa. Mupatseni madzi owiritsa othira shuga ndi kamchere pang'ono, supuni ndi supuni, ngakhale akusanza, ndipo pitani naye kuchipatala. Mzere womaliza unkati liwombo likalowa pansi, ndiye kuti madzi atha m'thupi mwa mwanayo.

Ndinawerenga katatu. Chingerezi changa n'chochepa, ndiye ndinkayembekeza kuti mwina ndalakwitsa liwu. Kachitatuko ndinalondoleza ndi chala. Kenako ndinangokhala pansi pa simenti pomwepo, mwana ali kumbuyo, anthu akundilambalala.

Woyang'anira mabuku uja anabwera n'kundigwira pamkono. Anandilowetsa m'kachipinda kamene ankamatiramo mabuku ong'ambika, nandikhazika pampando.

"Mwadwala?" anafunsa.

"Zimene mwalemba apozi mwazitenga kuti?"

Anatuluka n'kubwera ndi buku la zaumoyo, limene linali limodzi mwa mabuku amene anawalemba pamwamba pa pepala sabata imeneyo. Anati amene anamulozera bukulo ndi namwino wina amene ankabwereka mabuku a nkhani zachikondi pamenepo. Anatsegula tsamba limene anapindamo kapepala. Panali chithunzi cha mwana atagona chagada, maso atalowa, milomo itauma, pamutu pali kadzenje. Anali mwana wanga yemwe uja. Wojambulayo sanasiye kanthu.

"Nanga tsempho?" ndinafunsa.

"Za tsempho ine sinidziwa, ba mayi. Nikuuzani chabe vamene vinalembedwa. Na ife kwathu timaleka kupatsa madzi. Nenze sinidziwa na ine."

Ndinamuuza zonse, munthu amene sindinkadziwa ngakhale kumene amakhala. Anamvetsera manja ali pabuku. Nditamaliza sanandiuze kuti ndisalire, kapena kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Anadinda bukulo n'kundipatsa, nati ndikhale nalo mpaka pamene ndidzathane nalo.

Njira yobwerera ku Malota sindiikumbukira. Chimene ndikukumbukira ndi polowa m'nyumba, pamene ndinaona ndowa ya madzi pakona pamene inkakhala nthawi zonse. Mphasa imene mwana uja anagonapo masiku atatu aja tinkaiyala pafupi ndi ndowa imeneyo. Tsiku lachiwiri ine ndikumwa madzi, iye anatambasula kadzanja kufuna kapu, ndipo ndinakabweza. Ndinabisa kapuyo kumbuyo kwanga kuti asaione. Zaka zitatu zonsezo chinthu chimenechi ndinkachikumbukira ngati umboni woti ndinamusamala bwino.

Amuna anga anafika chakumadzulo, dzuwa lisanalowe. Anandipeza nditakhala pampando wa makina, osasoka, moto osakoleza. Ndinawapatsa bukulo litatsegulidwa. Iwo Chingerezi ankachidziwa kuposa ine. Anawerenga ataimirira, chikwama chikadali paphewa. Anatembenuza tsamba, n'kubwereranso.

"Ndiye kuti madzi basi?" anatero.

"Madzi, shuga ndi mchere."

"Zonsezo zinalimo m'nyumba muno."

"Zinalimo."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, kapena anena kuti anandiuza. Ndinagwada kuti ndipepese, koma anandiletsa ndi dzanja. Anakakhala pansi pakhomo. Kenako anandiuza chinthu chimene sindinkachiganizira n'komwe. Anati mkazi wina sanamukhudzepo, komabe pakupita kwa miyezi iwonso anayamba kukhulupirira kuti anapha mwana ndi iwo. Pakuti aliyense ankatero, ankafufuza m'mutu kuti analakwa pati. Sabata imene ija anadya chakudya chophika mayi wina wogulitsa pa siteshoni, ndipo mayiyo anawagwira dzanja powapatsa mbale. Anati anapitapo kwa sing'anga ku Maramba kukafunsa ngati zimenezo zingasemphe mwana, ndipo sing'angayo anati zingatheke. Kuyambira pamenepo, akakhala kumtunda kwa njanji, ankadya buledi wouma yekha.

Ine ndinkaona kuti akuonda, koma ndinkati ndi chikumbumtima.

"Amayi ako usawauze lero," anatero pomaliza. "Yamba wapuma."

Ndinawauza Lamlungu titaweruka ku tchalitchi. Ndinawaonetsa chithunzi, n'kumasulira mawuwo pang'onopang'ono. Anayang'ana chithunzicho kanthawi, kenako anatseka buku okha.

"Ndiye ukuti mdzukulu wanga ndinamupha ndine?"

"Ayi, amayi. Kapu inali m'manja mwanga."

"Ana asanu ndi awiri ndinalera popanda buku. Awiri anapita ndi matenda omwewa, ndipo bambo ako ndinkawadziwa mayendedwe awo."

Atanena zimenezi anandibwezera bukulo. Ndikuganiza kuti anadzimva okha zimene ananenazo. Ine ndinali ndisanaganizepo za achimwene anga awiri aja, amene anamwalira ndisanabadwe. Amayi anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo kwathu sanapondeko miyezi ingapo.

Mvula itayamba, mnyamata wanga anatsegula m'mimba. M'nyumba munali shuga wongokwana m'chikhato. Amuna anga anajomba ku ntchito n'kukaima pa mzere kusitolo kuyambira m'mamawa. Ine ndinawiritsa madzi, ndinayeza monga mmene buku linanenera, n'kuyamba kumupatsa supuni ndi supuni. Ankasanza, ine n'kudikira pang'ono, n'kuyambanso. Mbali ina ya mtima wanga inkandiuzabe kuti ndikumuwonjezera matenda. Wina anakawauza amayi. Anabwera n'kuima pakhomo, osalowa. Ndinkati andilanda kapu, koma anangoyang'ana mpaka ndinamubereka kupita naye kuchipatala. Namwino anamuona, nati ndipitirize zomwezo. Tsiku lachitatu mwanayo ankakwawa kulondola nkhuku.

Amayi anati kutsegula kwake kunali kochepa, sikunali kwa tsempho. Sindinawatsutse.

Pobweza buku lija ndinamupempha mayi wa ku laibulale kuti nkhaniyo aikhomenso, koma m'zilankhulo zathu, chifukwa amayi a mu Malota ambiri Chingerezi sankachimva ndipo mu laibulale sankalowamo. Iye analemba m'Chilozi, mphunzitsi wina anatithandiza Chitonga, ine ndinalemba m'Chinyanja. Ndinakopera mapepala ambiri pamanja, ndipo aliyense wobwera kudzatenga diresi ndinkamupindiramo limodzi. Ena ankathokoza. Ena ankakulungira tinsomba ta kapenta. Mayi wina anabweza diresi ndi pepala lomwe, nati ine ndikuphunzitsa amuna kuyendayenda mopanda mantha.

Ndi amuna anga zinthu sizinabwerere mwakale tsiku limodzi. Tinayamba kudyera pamodzi, poyamba mwamanyazi ngati alendo. Nkhaniyo sitinaikambenso. Amayi sanawapepese mpongozi wawo mpaka imfa yawo, ndipo iwonso sanafunse. Koma amayi atadwala matenda awo omaliza, ndi amuna anga amene ankawanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala, iwo akuyenda pansi n'kumakankha, chifukwa amayi ankaopa kugwa.